Chipolopolo: Kodi Ndi Kusamala Kapena Ndi Mantha?

Acinyamata anzanga, m'kope lino tiyeni tikambirane za mpira. Palibe nkhani ina m'dziko muno imene imatigwirizanitsa ndi kutikanganitsa pa nthawi imodzi monga nkhani ya timu yathu ya Chipolopolo. Timu ikasewera madzulo, m'mawa mwake aliyense amadzuka ali mphunzitsi wa mpira. Mudzawamva m'maminibasi a ku Matero ndi ku Chawama, pamsika wa Kapata ku Chipata, pometera tsitsi ku Petauke, ngakhale m'magulu athu omwe msonkhano usanayambe. Madandaulo ake ndi awiri, ndipo sasintha ngakhale aphunzitsi asinthe. Loyamba ndi lakuti timu imasewera mwamantha, imangobwerera kumbuyo ngati kuti ikuteteza cinthu cimene sinacipeze n'komwe. Laciwiri ndi lakuti mphunzitsi sadziwa kusankha, amasiya anyamata amene akusewera bwino n'kutenga okalamba kapena apamtima pake.

Kodi madandaulo amenewa ndi oona? Ine ndikuti coonadi cilimo, koma ndi ca theka. Ocemerera amaona bwino ndithu kuti cinacake calakwika, koma kawirikawiri amaphonya dzina la nthendayo. Amati vuto ndi kuchinga. Komatu kuchinga n'kumene kunatipatsa cikho mu 2012. Cimene catipweteka m'zaka zotsatira ndi kuchinga kopanda colinga, kumene timu imalanda mpira koma osadziwa cocita nawo. Kusamala ndi mantha zimafanana nkhope monga mapasa, ndipo wokonda mpira weniweni ayenera kuphunzira kuzisiyanitsa asanatsegule pakamwa.

TIYAMBE NDI CIWERENGERO

Pa 12 February 2012 Zambia inatenga cikho ca Africa ku Libreville, m'dziko la Gabon. Kucokera tsiku limenelo kufikira December 2025, timu yathu inafikanso ku mpikisano umenewu kanayi, ndipo inasewera masewero 12. Taonani mmene zinayendera:

Mu 2013 ku South Africa: 1-1 ndi Ethiopia, 1-1 ndi Nigeria, 0-0 ndi Burkina Faso.

Mu 2015 ku Equatorial Guinea: 1-1 ndi DR Congo, kugonja 2-1 kwa Tunisia, 0-0 ndi Cape Verde.

Mu January 2024 ku Ivory Coast: 1-1 ndi DR Congo, 1-1 ndi Tanzania, kugonja 1-0 kwa Morocco.

Mu December 2025 ku Morocco: 1-1 ndi Mali, 0-0 ndi Comoros, kugonja 3-0 kwa Morocco.

Werengani nokha. Pa masewero onsewa sitinapambane ngakhale kamodzi. Tinalepherana maulendo 9 ndipo tinagonja katatu. Anatimwetsa zigoli 12, kutanthauza cigoli cimodzi pa masewero alionse, ndipo cimeneci si ciwerengero cocititsa manyazi kwa ochinga kumbuyo. Koma ife tinamwetsa zigoli 7 zokha. Yerekezerani ndi caka ca 1996 ku South Africa, pamene timu ya Kalusha Bwalya inamwetsa zigoli 15 pa masewero asanu ndi limodzi ndi kubwera ndi malo acitatu. Onjezani kuti ku mipikisano itatu yotsatizana, ya 2017, 2019 ndi 2021, sitinafikeko n'komwe. Tsono amene amadandaula asachedwe opanda cikondi pa dziko lao. Ali ndi cifukwa.

Koma pali cinthu cinanso cimene ciwerengeroci cikutiuza. Maulendo anayi amenewa anatsogoleredwa ndi aphunzitsi anayi osiyana: Hervé Renard, Honour Janza, Avram Grant ndi Moses Sichone. Awiri ndi akunja, awiri ndi ana a muno. Wina anali atatipatsa kale cikho, wina anafikitsapo Chelsea pa ndime yomaliza ya cikho ca ku Ulaya mu 2008. Komabe onsewa anabwerera pa ndime ya m'magulu opanda cipambano. Nthenda imene imagwira anthu anayi osiyana m'nyumba imodzi, muiyang'ane m'nyumbamo.

MTENGO WA KULEPHERANA

Kulepherana kumakoma pa tsiku lake. Munthu amagona mtima uli m'malo poganiza kuti sitinagonje. Koma malamulo a mpira amapereka mapointi atatu kwa wopambana ndi pointi imodzi yokha kwa olepherana. Cotero timu imene yalepherana katatu ili ndi mapointi ofanana ndi timu imene yapambana kamodzi n'kugonja kawiri.

Zimene zinacitika mu January 2024 ndi phunziro lowawa. Eni malo, a Ivory Coast, anapambana Guinea-Bissau 2-0, anagonja kwa Nigeria 1-0, kenaka anakwapulidwa 4-0 ndi Equatorial Guinea pamaso pa anthu ao mu Abidjan. Anatsala ndi mapointi atatu, ndipo mphunzitsi wao anacotsedwa nchito mpikisano uli mkati. Ife sitinacite manyazi otere. Tinalepherana kawiri ndi kugonja ndi cigoli cimodzi cokha. Koma kuyambira 2019 mpikisanowu uli ndi matimu 24, ndipo matimu anayi mwa asanu ndi limodzi amene athera pa malo acitatu m'magulu ao amapitirira. Ivory Coast inali ndi mapointi atatu, ife awiri. Usiku umene Morocco inatipambana ku San Pedro ndi umene unatsegulira Ivory Coast khomo, ndipo patapita masabata ocepa inanyamula cikho. Amene anamwetsedwa zinayi anavala nkhata, ife odzisunga tinalongedza zikwama. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Wina adzati, nanga DR Congo sinalepherane katatu m'gulu lathu lomwelo ndi kufika pa ndime ya matimu anayi? N'zoona. Koma amene anaonera masewero athu ndi iwo akukumbukira mbali imene mpira unali kukhalira. Kings Kangwa atamwetsa, Yoane Wissa anabweza pasanathe mphindi zisanu, ndipo kucokera pamenepo a ku Congo ndiwo anali kufunafuna cigoli caciwiri. Pointi inali imodzi imodzi, koma wina anaipeza akusaka zitatu, wina anaipeza akubisala.

NANGA MU 2012 SITINACHINGE?

Ambiri a inu munali ana pamene Christopher Katongo ananyamula cikho, ndipo mwina mumaganiza kuti timu ija inali kuukira kuyambira mphindi yoyamba kufikira yomaliza. Si mmene zinalili. Timu ija inamwetsa zigoli 9 pa masewero asanu ndi limodzi, ndipo pa masewero anayi omaliza sinamwetsedwe ngakhale cimodzi. Inali timu yodziwa kutseka khomo.

Tengani masewero a ndime ya matimu anayi ndi Ghana, pa 8 February ku Bata. Mpira unali ku mapazi a Ghana nthawi yaitali. Kennedy Mweene anagwira penate ya Asamoah Gyan masewero atangoyamba. Stoppila Sunzu ndi Hichani Himonde anacotsa mipira yambirimbiri ndi mitu. Akanakhala mphunzitsi wina lero, ndipo tikanagonja, tikanati ndi mantha okhaokha. Komanso Renard anayamba masewerowo Emmanuel Mayuka ali pabenchi, mnyamata amene anali atamwetsa kale Senegal ndi Libya. Taganizani phokoso limene likanamveka m'maminibasi! Koma cigawo caciwiri citayamba anamulowetsa ali ndi miyendo yatsopano, ndipo pa mphindi ya 78 Mayuka analandira mpira, anatembenuka, n'kuuponya pakona ya golo. Kudikira kuja kunali ndi mapeto ake amene anakonzedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tengani masewero oyamba ndi Senegal, timu imene inali ndi Demba Ba, Papiss Cissé ndi Moussa Sow, omwetsa zigoli ochuka ku Ulaya. Pofika mphindi ya 20 tinali patsogolo 2-0, zigoli za Mayuka ndi Rainford Kalaba. Pambuyo pake tinabwerera kumbuyo ndi kupirira mpaka masewero anatha 2-1. Kuchinga kumeneku kunali kuteteza cinthu cimene tinali titacigwira kale m'manja.

Ngakhale pa ndime yomaliza, imene inatha 0-0 tisanapambane 8-7 pa mapenate, sitinapite kukangodikira. Masewero atangoyamba, kona imene inaoneka kuti inayesereredwa bwino inafika kwa Nathan Sinkala, ndipo Boubacar Barry anacita kudumpha kuti aupulumutse. M'nthawi yoonjezera mpira wa Christopher Katongo, wocokera kwa mng'ono wake Felix, unakhudza phazi la Barry n'kumenya mtengo wa golo. Tsoka ndi mwai zinalipo, pakuti Didier Drogba anaponya penate kumwamba. Koma palibe amene anaonera masewero aja anganene kuti Zambia inaopa.

Tsono yerekezerani ndi caka cotsatira. Pa masewero oyamba a 2013 ku Nelspruit, goloboyi wa Ethiopia anapatsidwa kadi yofiira m'cigawo coyamba, ndipo Collins Mbesuma anamwetsa tisanapite kopuma. Akatswiri a Africa yonse, ali patsogolo, akusewera ndi anthu khumi. Cigoli caciwiri sicinabwere, ndipo Adane Girma anabweza. Mapointi awiri amene tinataya tsiku limenelo ndiwo anatibweza kumudzi, ndipo tinakhala oyamba kucokera pa Algeria mu 1992 kutuluka pa ndime ya m'magulu tili eni cikho.

MUNGAZISIYANITSE BWANJI?

Mukadzaonera masewero otsatira, musawerenge cabe kuti ndi angati ali kumbuyo. Dzifunseni mafunso atatu.

Loyamba: tikalanda mpira, umapita kuti? Timu yosamala imadziwa kale munthu amene adzaulandira ndi njira imene mnzake adzathamangira. Timu yamantha imangoumenya kutali kuti ipumeko, ndipo pakapita masekondi ocepa mpira uja wabwerera.

Laciwiri: mpira ukafika kutsogolo, ndi angati amene akuthamangira m'bokosi? Mukaona womwetsa zigoli ali yekha pakati pa ochinga anayi, anzake ali patali ngati kuti anawaletsa kuoloka mzere wapakati, musafulumire kumunyoza kuti watha. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Lacitatu: kodi timu imayamba liti kufuna cigoli? Apa ndi pamene mantha amaonekera poyera. Pa masewero ndi Tanzania mu 2024 tinali kumbuyo 1-0, Rodrick Kabwe atatulutsidwa ndi kadi yofiira, ndipo anthu khumi otsalawo anaukira mpaka Patson Daka anabweza ndi mutu pa mphindi ya 88. Pa masewero ndi Mali mu 2025 tinalinso kumbuyo, ndipo Daka yemweyo anabweza ndi mutu nthawi itatha kale. Tinasangalala, ndipo kunali koyenera. Koma funso ndi ili: ngati mphamvu yotere ilipo, n'cifukwa ciani imadikira kuti madzi afike m'khosi? N'cifukwa ciani sinaoneke pa masewero ndi Comoros, amene cipambano cikanatipatsa mapointi anayi? Kulimba mtima kumene kumabwera pokhapokha pamene palibenso cotaya ndi umboni wakuti poyamba paja timu inali yomangika.

Tinenenso mwacilungamo kuti si kulephera kulikonse kumene kunacokera ku mantha. Pa masewero ndi Tunisia mu 2015 anyamata anapanga mipata yambiri ndi kuitaya, ndipo anagonja atatsogola kale ndi cigoli ca Mayuka. Pamenepo vuto linali phazi lomaliza. Wodzudzula wabwino amachula nthenda iliyonse ndi dzina lake.

KWA AMENE AKUTI TINGOUKIRA

Pali anzathu ena amene mankhwala ao ndi amodzi okha: ikani omwetsa zigoli anayi, tipite kutsogolo, zina tidzaziona. Amakumbutsa za 19 September 1988, pamene Zambia inakwapula Italy 4-0 pa masewera a Olympic ku Korea, Kalusha n'kumwetsa zitatu. Tsiku limenelo ndi lonyaditsa ndithu. Koma amaiwala kuti pa ndime ya matimu asanu ndi atatu West Germany inatibwezera 4-0 yomweyo, Jürgen Klinsmann n'kumwetsanso zitatu. Amaiwala kuti timu yokoma ija ya 1996 inamwetsedwa zinayi ndi Tunisia pa ndime ya matimu anayi. Amaiwala kuti pa ndime yomaliza ya 1994 ku Tunis, Elijah Litana anatitsogoza masewero atangoyamba, koma Emmanuel Amunike anabweza pasanapite nthawi, ndipo Nigeria inapambana 2-1.

Citsanzo capafupi ndi anyamata a zaka zosapitirira 20 a mu 2017, a mphunzitsi Beston Chambeshi. Anatenga cikho ca Africa mu Lusaka atapambana Senegal 2-0, ndipo ku cikho ca dziko lonse ku Korea anatisangalatsa koposa. Anali kumbuyo 2-0 kwa Iran n'kupambana 4-2. Koma pa masewero ndi Germany anali patsogolo 3-1 kutatsala mphindi zocepa, analola ziwiri, ndipo anacita kupulumuka 4-3 m'nthawi yoonjezera. Pa masewero ndi Italy anatsogola kawiri, Daka ndi Fashion Sakala atamwetsa, a Italy ali khumi kuyambira cigawo coyamba, koma anagonja 3-2. Akanadziwa kutseka khomo kwa mphindi zisanu zokha, akanafika pa ndime ya matimu anayi a dziko lonse. Walira mvula walira matope: amene akufuna mpira wotseguka adziwe kuti khomo lotseguka amalowera ndi alendo omwe.

Cotero sitikupempha kuti timu isiye kuchinga. Tikupempha kuti kuchingako kukhale ndi cocita pambuyo pake.

NKHANI YA KUSANKHA OSEWERA

Maina akangolengezedwa, mkangano umayamba, ndipo magulu ake mumawadziwa. Ena amati mphunzitsi amapembedza osewera kunja ngakhale akukhala pabenchi ku matimu ao, pamene anyamata a Power Dynamos, Nkana, Zesco United, Zanaco ndi Red Arrows akutuluka thukuta sabata ndi sabata. Ena amati a muno sangapirire liwiro la mpira wa maiko. Ena amafuna okalamba onse acoke. Ena amati popanda akuluakulu timu ilibe mutu. Ndipo pali gulu lina limene silidzichula poyera, la amene amawerenga maina kuti aone ngati wa kwao alimo.

Njira zonsezi zinayesedwa kale. Mu 2013 Renard anakhulupirira ambiri a anyamata ake a cikho, ndipo anthu anati wakakamira akale. Mu 2015 Janza anasiya Christopher Katongo, kaputeni amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2012, ndipo anthu anati wataya nzeru za akulu. Mu 2024 Grant anapita ndi Sunzu ali ndi zaka 34, ndipo mkangano unabwerera pomwe unayambira. Zotsatira zake mwaziona pamwambapa. Ndiye kuti yankho silili pa zaka za munthu kapena pa dziko limene akusewera.

Timu ya 2012 inakumana ndi Drogba ndi Salomon Kalou a Chelsea, Yaya ndi Kolo Touré a Manchester City, ndi Gervinho wa Arsenal. Ife tinali ndi Mayuka ku Young Boys ya ku Switzerland, Chisamba Lungu ku Russia, Katongo ndi James Chamanga ku China, ndipo ambiri otsalawo anali kusewera muno mu Africa: ku TP Mazembe ya ku Lubumbashi, ku South Africa ndi kuno kwathu. Sinkala anali mnyamata wa Green Buffaloes amene kunja sanali kumudziwa. Nchito yake inali kulanda mpira patsogolo pa ochinga ndi kuupereka msanga kwa Isaac Chansa kapena Kalaba. Sanasankhidwe cifukwa ca dzina. Panali nchito imene inafuna munthu wotere.

Mukafuna kuweruza masankhidwe, yambirani pamenepo. Musafunse cabe kuti uje wasiyidwa bwanji. Funsani kuti akanalowa m'malo mwa yani, ndipo nchito ya amene watulukayo akanaigwira ndani. Timu si mndandanda wa anthu khumi ndi mmodzi odziwa kucenjeretsa mpira. Mukaika onse okoma pamodzi popanda wowasenzera katundu, mudzaona zimene zinagwera pusi: ici cakoma, ici cakoma, anagwa cagada.

Apa ndi pamene madandaulo awiri aja amakumana. Mphunzitsi amene akudziwa mmene akufuna kumwetsera cigoli amadziwanso anthu amene akuwafuna, ndipo angathe kufotokoza cifukwa cake wasiya wina wochuka. Mphunzitsi amene colinga cake n'kungopewa kugonja amasankha moteteza dzina lake: amatenga odziwika kuti asadzafunsidwe, kapena amasintha maina ulendo uliwonse potsata phokoso la anthu. Mantha a pabwalo amayambira pa pepala la maina.

Pali cinanso cimene timu ya cikho inali naco: kudziwana. Mweene, Joseph Musonda, Katongo, Chansa ndi Chamanga anali limodzi ku mpikisano wa 2006 ku Egypt. Ambiri a iwo analawa kuwawa kwa 2010 ku Angola, pamene Nigeria inatitulutsa pa mapenate masewero atatha 0-0. Panalinso mwambo: Clifford Mulenga, mnyamata waluso, anabwezedwa kumudzi mpikisano wa 2012 uli mkati cifukwa cophwanya malamulo a msasa, ndipo timu sinagwedezeke. Nkhanga zinapangana kusanace.

MLANDU SI WA MPHUNZITSI YEKHA

Renard atacoka mu 2013, taonani amene anadutsa pa mpando umenewu pofika 2025: Patrice Beaumelle, Honour Janza, George Lwandamina, Wedson Nyirenda, Sven Vandenbroeck, Milutin Sredojević, Aljoša Asanović, Avram Grant ndi Moses Sichone, osawerengera ogwirizira kwa kanthawi. Grant, amene anakhalitsako, anayamba mu December 2022 ndi kucoka mu October 2025, patatsala miyezi iwiri yokha kuti mpikisano wa ku Morocco uyambe. Sichone anapatsidwa masabata owerengeka kuti akonze timu. Kodi munthu wotere mungamuyembekezere kumanga kaseweredwe katsopano?

Mphunzitsi amene akudziwa kuti kugonja kawiri kudzamucotsa nchito amasewera kuti asagonje. Wosewera amene akudziwa kuti akataya mpira kamodzi bwalo lonse lidzamukuwiza amaubwezera kumbuyo kumene kulibe ngozi. Ndiye mantha amene timadandaula nawo, mbali ina amaphikidwa ku Football House kumene bungwe la FAZ limalemba ndi kucotsa aphunzitsi, ndipo mbali ina timaphika ndife tomwe m'mipando ya Levy Mwanawasa ku Ndola ndi National Heroes ku Lusaka. Sitingafune kuti mnyamata ayese zovuta pamene tamunolera kale mpeni akalephera.

Komatu luso lilipo. Timu yomweyi inakwapula Ivory Coast 3-0 ku Ndola mu June 2023, ndipo inaipambananso 1-0 pa bwalo lomwelo mu November 2024 iwo ali eni cikho. Koma pa bwalo lomwelonso inagonja 1-0 kwa Tanzania mu June 2024. Pamene tili ang'ono ndipo mnzathu akubwera kudzatiukira, timadziwa cocita. Pamene mnzathu wakhala kumbuyo n'kutisiyira mpira kuti titsogolere ndife, nzeru zimatithera. Ili ndilo phunziro limene mphunzitsi aliyense wa Chipolopolo ayenera kufunsidwa asanapatsidwe nchito: kodi timu yokhala kumbuyo mudzaitsegula bwanji?

TIDZUDZULE MONGA ENI AKE

Timu iyi si ya FAZ yokha ai. Mtengo wake tinaulipira ndi misozi. Usiku wa 27 April 1993 ndege ya asilikali inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ndi kupha anthu 30, mwa iwo osewera 18 pamodzi ndi aphunzitsi Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Pasanathe miyezi itatu, pa 4 July, timu yatsopano inakumana ndi Morocco pa bwalo la Independence, pafupi ndi manda a anzao. Inayamba kumwetsedwa, koma Kalusha ndi Johnson Bwalya anabweza ndipo inapambana 2-1. Ngati panali timu imene ikanakhululukidwa posewera mwamantha, inali imeneyo. Sinatero. N'cifukwa cake a Zambia sakhutira ndi 0-0, ndipo sayenera kukhutira.

Cotero acinyamata anzanga, musaleke kudzudzula. Timu imene anthu ake aleka kuidandaula ndiye kuti aleka kuikonda. Koma dzudzulani monga anthu oona, osati monga ongomva. Kutukwana mai wa wosewera sikunamwetsepo cigoli. Kuwerenga mitundu ya anthu pa mndandanda wa maina n'kugwetsa cinthu cimodzi cimene cimatiimika pamodzi kucokera ku Lundazi mpaka ku Mongu. Nenani kuti mpira ukulandidwa koma palibe woulandira. Nenani kuti womwetsa wasiyidwa yekha. Nenani kuti kusintha kwacedwa. Funsani a FAZ kuti mphunzitsi anamupatsa zaka zingati ndiponso anamutuma kumanga ciani. Mau otere mphunzitsi sangawataye ngati phokoso, pakuti ali ndi mutu.

Ndipo inu amene muli ndi matimu m'magulu anu, yesani zimenezi Loweruka likudzali. Musanalowe m'bwalo, gwirizanani za cinthu cimodzi: tikalanda mpira, woyamba kuulandira ndani, ndipo athamange ndani. Mudzaona kuti ngakhale mutachinga anthu asanu ndi atatu, palibe adzakuchani amantha.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Pa masewero a Chipolopolo amene munaonera posacedwa, kodi timu inali yosamala kapena yamantha? Perekani umboni wa zimene munaona pabwalo.

2. Lembani maina 11 a timu imene inu mungasankhe, ndipo pa dzina lililonse chulani nchito imene munthuyo adzagwira timu ikataya mpira.

3. Kodi mphunzitsi wa timu ya dziko ayenera kupatsidwa nthawi yaitali bwanji asanaweruzidwe? Cifukwa ciani?

4. Kodi kacemereredwe kathu kamalimbitsa osewera kapena kamawaonjezera mantha?